Galimoto ikakana kulira, yambani mwatchera khutu

Mwezi wa June ukafika, m'mawa wa m'matauni athu umakhala ndi phokoso lake lodziwika: sitata kupukusa mwaulesi kawiri katatu, kenako zii. Ku Dedza, ku Mzuzu, kapena ku Bvumbwe chiperoni chikatsika, si zachilendo kuona bambo atamanga tayi, ana a sukulu ali phee kumpando wakumbuyo, akukodola anyamata a kabaza kuti adzamukankhe. Ena anatopa nako kupempha, moti madzulo aliwonse amaimika galimoto pamtsetse italoza kumunsi kuti m'mawa ingotsetsereka n'kulira.

Chimene ambiri amachita pambuyo pake n'chodziwikanso. Amathamangira kukagula batire. Pakapita sabata vuto labwerera, ndiye wina amati ndi sitata. Sitata ikasinthidwa, wina amati ayi, ndi pampu ya mafuta. Pofika kumapeto kwa mwezi munthu wagula zipangizo zitatu, malipiro atha, galimoto ikadali kuvuta. N'chimodzimodzi ndi kumwa mankhwala a malungo osayezetsa magazi: mwina uchira, koma ukachira sudziwa chimene chakuchiritsa, ndipo ukapanda kuchira wataya ndalama ndi nthawi yomwe.

Chonsecho galimoto yovuta kulira imaulula yokha pamene pali vuto. Imaulula ndi phokoso limene ikupanga mukatembenuza kiyi, komanso ndi nthawi imene imakonda kuvuta. Makaniko wodziwa ntchito ku Biwi kapena ku Ndirande, musanamalize n'komwe kudandaula, amafunsa funso limodzi: ikupukusa kapena siikupukusa? Yankho lake limagawa nkhani yonse pawiri. Ngati injini siikuzungulira, kapena ikuzungulira mofooka, mlandu uli ku magetsi: batire, mawaya, sitata. Ngati ikuzungulira mwamphamvu koma osagwira, batire lisiyeni, lilibe mlandu. Funani mafuta, moto wa m'mapulagi, kapena mphamvu ya injiniyo yopanikiza mpweya.

Ikakhala kuti siikupukusa

Musanatsegule boneti, yatsani nyale zakutsogolo, wina aime kutsogoloko, inu mutembenuze kiyi. Nyale zikazima kapena kufooka kwambiri, mphamvu ndi yochepa kapena siikudutsa bwino. Zikakhala zowala bwinobwino koma sitata ili chete, mphamvu ilipo, chimene chikusowa ndi uthenga wouza sitata kuti igwire ntchito, kapena sitatayo yafa. Kulira kwa "ke-ke-ke-ke" mofulumira kumasonyeza batire lofooka. Kugunda kamodzi kokha, "kha", nyale zili zowala, kumaloza ku sitata.

Batire la galimoto zing'onozing'ono timalitcha la mavolti 12, koma likakhala lodzaza, galimoto itagona usiku wonse, mita yoyezera magetsi iyenera kusonyeza pafupifupi 12.6. Ikasonyeza 12.2 ndiye kuti latsala theka, ndipo pansi pa 12 latheratu. Kusiyana kwa manambalawa kumaoneka kochepa koma ndi kumene kuli nkhani yonse. Kuyeza kofunika kwambiri ndi kwachiwiri: mita ikhale pabatire pamene wina akuliza. Nambala ikatsika kupitirira 9.6, batire lakalamba ngakhale lioneke latsopano kunja. Injini ikalira yezaninso; muyenera kuona pakati pa 13.8 ndi 14.4 kapena pafupi pamenepo. Ikangokhala pa 12, olitaneta siikutchaja, ndipo batire latsopano limene mungagule lero lidzathanso mawa. Galimoto zina zatsopano za ku Japan zimachepetsa dala kutchaja pofuna kusunga mafuta, choncho yatsani nyale ndi fani poyezapo kuti olitaneta ikakamizike kugwira ntchito.

Mita yoyezera magetsi imapezeka m'masitolo a zipangizo ku Limbe ndi ku Lilongwe pamtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi batire. N'zodabwitsa kuti eni galimoto ambiri alibe.

Koma nthawi zambiri batire limanamiziridwa. Wolakwa amakhala pamitu yake. Ufa woyera kapena wobiriwira umene umamera pamateminolo umatchinga mphamvu, ndipo teminolo yokhwepa, ija yothinitsa ndi msomali kapena kachitsulo ka chitini, imatha kuyatsa wailesi ndi nyale koma n'kulephera kudutsitsa mphamvu ya sitata. Sitata ya injini yaing'ono ya petulo imakoka maampu oposa 100 pakamphindi koliza, ya dizilo imakoka kuposa apo. Mphamvu yotereyi imafuna njira yotakasuka. Masulani mateminolo, kuyambira wa minasi, tsukani ndi madzi ofunda osungunulamo soda, palani mpaka chitsulo chiwale, mangani zolimba. Kenako tsatirani waya wakuda uja wochoka ku minasi kupita ku thupi la galimoto ndi ku injini. Waya wa ethi ameneyu ndi amene amaiwalika kwambiri. M'misewu yathu ya fumbi ndi matope amachita dzimbiri polumikizira, ndipo galimoto imene inachitapo ngozi n'kuwongoledwa nthawi zina imabwera kuchokera ku galaja ethi atamangidwa pamwamba pa penti.

Tizinenanso zoona pa nkhani ya kuzizira. Chisanu cha June sichipha batire, chimangoulula kuti linafa kale. Chimene chimalidya ndi kutentha. Dzuwa la October ku Nsanje, ku Salima kapena ku Karonga limaumitsa madzi a m'batire ndi kudya mkati mwake. Kukadzazizira, batire limapereka mphamvu yochepa pamene oyilo walimba ndipo injini ikufuna mphamvu yambiri kuti izungulire. Ndi chifukwa chake batire limene linkaoneka labwino mu April limagwa mu June. Lofuna kuthira madzi lizithiridwa madzi ake a batire, osati a pampopi kapena a pachitsime.

Vitz, Passo, Sienta, Fit kapena Note imene yangolowa kumene pa Songwe kuchokera ku Dar es Salaam imakhala itaima nthawi yaitali, kuyambira kumalo ogulitsira ku Japan, m'sitima yapamadzi, mpaka padoko. Batire limene lakhala losatchajidwa kwa miyezi silibwereranso mwakale. Zambiri mwa galimotozi zilinso ndi njira yozimitsa injini yokha mukaima pamaloboti, ndipo zimafuna batire lapadera lopirira kulizaliza. Mukaikamo batire wamba silichedwa kutha.

Palinso kayendetsedwe kathu. Amene amayenda mtunda waufupi, kunyumba kukafika kuntchito basi, olitaneta siipeza mpata wobwezera mphamvu imene sitata yatenga. Pamizere yodikira mafuta m'mafilingi siteshoni, munthu amaliza, kusuntha pang'ono, kuzimitsa, kwinaku wailesi ikuimba ndipo mafoni akutchajidwa, tsiku lonse. Ofika pampopi atachita kukankhidwa si kuti onse mafuta anawathera.

Batire likamatha usiku galimoto ili chiimire, pali chimene chikuba mphamvu. Kawirikawiri ndi zinthu zowonjezera: alamu, chipangizo cholondolera galimoto ikabedwa, zokuzira mawu, kapena wailesi imene inaikidwa m'malo mwa ija yolemba Chijapani, mawaya atangopotokoledwa n'kukulunga tepi. Wa zamagetsi amaika mita pakati pa batire ndi waya wake, n'kumazula mafyuzi imodziimodzi mpaka wakubayo atapezeka. Galimoto yogona bwino siyenera kukoka kupitirira pafupifupi mamiliampu 50.

Sitata yokha ikatopa, nthawi zambiri ndi mabulashi amene aperepeseka, kapena timikuwa ta m'solenoidi tapsa. Uja mwambo womenya sitata ndi sipanala wina akuliza umagwiradi ntchito, chifukwa mabulashi amagwedezeka n'kukhudzanso. Ukagwira ntchito, dziwani kuti mwapeza wolakwa, osati mwakonza. Mabulashi ndi timikuwato zimagulidwa pazokha, ndipo wa zamagetsi waluso amazisintha popanda kugula sitata yathunthu.

Galimoto ya otomatiki siilira giya ikapanda kukhala pa P kapena pa N. Ikakhala chete pa P, yesani pa N mutaponda buleki. Ikalira, vuto ndi kaswitchi ka pagiya. Yoliza ndi batani imafuna kuti muponde buleki, ndiponso kuti kabatire ka m'kiyi kakhale ndi moyo; kakafooka, gunditsani kiyiyo pabatani polizapo. Aqua ndi Prius zilibe sitata yonga ya galimoto zina, komabe zili ndi batire laling'ono la mavolti 12 limene limadzutsa makompyuta. Likatha, mawu oti READY sayaka, ndipo ena amathamangira kuganiza kuti batire lalikulu lodula lija lafa. Mawaya achikasu chofiirira a m'galimoto zimenezi musawakhudze, mphamvu yake imapha.

Pali zizolowezi ziwiri zimene zinali zabwinobwino pa galimoto zakale koma zikuwononga za masiku ano. Choyamba ndi kubwereka batire, kuliza, kenako kulizula injini ikulira n'kubwezera lakufa lija. Chachiwiri ndi kuzula teminolo injini ikulira pofuna kuona ngati olitaneta ikutchaja. Batire limakhazika pansi magetsi a olitaneta. Mukalichotsa, magetsi amalumpha, ndipo kompyuta ya injini ikhoza kupsa nthawi yomweyo. Njira yabwino ndi mawaya ojampira: wofiira pa pulasi ya batire lakufa ndi pa pulasi ya lamoyo, wakuda pa minasi ya lamoyo, mbali yake inayo pachitsulo cha injini ya galimoto yakufayo, kutali ndi batire chifukwa limatulutsa mpweya woyaka. Kusemphanitsa pulasi ndi minasi, ngakhale kwa kamphindi, kumawotcha fyuzi yaikulu ndipo mwina olitaneta. Kukankha n'kwa galimoto ya kilatchi yokha, pa giya yachiwiri. Ya otomatiki mudzangotopetsa anthu.

Ikupukusa koma osagwira

Apa khutu ligwirenso ntchito. Zimitsani wailesi, tembenuzani kiyi mpaka nyale za padashibodi ziyake koma osaliza. Kumbuyo, pansi pa mpando, muyenera kumva kulira kwapansipansi kwa masekondi awiri kapena atatu. Imeneyo ndi pampu ikudzaza mafuta m'mapaipi. Galimoto zambiri zimatero, ngakhale zina za Toyota zimayamba kupopa pokhapokha injini ikamazungulira. Ngati yanu inkamveka kale ndipo lero ili chete, yambani ndi fyuzi ndi rileyi yake musanatsitse thanki.

Pampu za mafuta zikufa kwambiri kwathu kuno, ndipo chifukwa chake si chinsinsi. Pampu imakhala m'thanki, ndipo mafuta amene imapopa ndi omwewo amaiziziritsa. Ambiri timathira mafuta a tsiku limodzi, kanyale kochenjeza kali chiyakire mwezi wonse. Pampu imatentha, pokhota imayamwa mpweya, mpaka imafooka. Onjezanipo mafuta a m'zigubu a m'mbali mwa msewu, amene amachuluka mafuta akasowa m'mafilingi siteshoni. Chigubu chimabwera ndi fumbi, madzi, ndipo nthawi zina parafini wosakanizidwa mwadala. Galimoto imene inkalira bwino dzulo, n'kuyamba kuvuta mutangothira mafuta a kwa venda, musaifunire matenda ena. Khuthulani thanki, sinthani sefa.

Petulo wa m'dziko muno wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumupanga kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ndipo kenako inabwera ina ku Chikwawa. Galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku siivutika naye. Koma ethanol amakoka chinyezi, moti galimoto imene yaima miyezi ingapo thanki ili pafupi kuuma imatha kukhala ndi madzi pansi pa thanki, ndipo petulo wokhalitsa sagwira moto msanga.

Nthawi imene galimoto imavuta ndi umboni waukulu. Ikamapukusa nthawi yaitali m'mawa, kapena itaima maola angapo, koma ikalira n'kuyenda bwinobwino tsiku lonse, yesani izi: tembenuzani kiyi osaliza, dikirani masekondi atatu, zimitsani, bwerezani katatu, kenako lizani. Ikalira msanga, ndiye kuti mafuta akumabwerera m'thanki ikaima, chifukwa kavavu ka m'pampu sikakutseka. Makaniko amatsimikiza poika geji papaipi; injini zambiri za petulo zimafuna mphamvu ya mafuta ya pafupifupi mabaa 3, ndipo siyenera kugwa msanga injini ikazima.

Ikamavuta itatentha, mwachitsanzo mwaima pamsika mphindi khumi n'kubwerera, nkhani ndi ina. Nozo yopopera petulo ikamadontha imadzaza petulo m'injini, ndipo mumamva fungo lake, ikalira n'kutulutsa utsi wakuda. Pondani mafuta mpaka pansi n'kuliza. Galimoto zambiri zikaona choncho zimadula petulo kuti injini iume. Wina wokonda kuvuta kukatentha ndi sensa ya kilankishafuti, imene imauza kompyuta kuti injini ikuzungulira. Ikafooka, kompyuta siitumiza moto kapena mafuta. Galimoto imazima pamsewu, imakana kulira, ikazizira kwa theka la ola n'kulira ngati palibe chinachitika. Yang'anani muvi wa marevu polizapo: pa galimoto zambiri umagwedezeka pang'ono, ndipo ukangoti zii, sensayo ndi yoyamba kuikayikira.

Madalaivala akale amakumbukira tchoko, kachingwe kokoka m'mawa kuti injini ilandire petulo wambiri. Lero ntchitoyo ikugwiridwa ndi sensa yoyeza kutentha kwa madzi a injini. Ikanama kuti injini ndi yotentha pamene ndi yozizira, petulo amachepa ndipo m'mawa galimoto imavuta. Ikanama mbali inayo, petulo amachuluka. Apa ndi pamene chizolowezi china cha m'magalaja athu chimapweteka: kuchotsa themositati, ati kuno n'kotentha siifunika. Injini yopanda themositati imachedwa kutentha, kompyuta imapitiriza kuthira petulo wambiri, mapulagi amada ndi mwaye, mafuta amatha msanga. Mwini galimoto amadabwa kuti mapulagi atsopano afa bwanji m'miyezi iwiri.

Mapulagi ndi otsika mtengo powayerekeza ndi zina zonsezi, ndipo akamasulidwa amanena zambiri. Pulagi youma ndi yotuwira ili bwino; yonyowa ndi petulo ikusonyeza kuti mafuta akufika koma moto palibe; yamafuta akuda ikusonyeza kuti injini ikudya oyilo. Chenjerani ndi mapulagi achinyengo olembedwa Denso kapena NGK amene adzaza m'misika. Mtengo ukatsika modabwitsa, pali chifukwa. Galimoto ikakana kulira itangochoka kotsukitsa, madzi alowa m'mabowo a makoilo. Umitsani musanagule kanthu. Ndipo amene mumanyamula chimanga nthawi yokolola, kapena kuimika galimoto pafupi ndi nkhokwe, yang'anani mawaya: makoswe amakonda kufunda kwa injini ndipo amatafuna chilichonse.

Kanyale kooneka ngati kiyi kapena loko kakamaphethira pamene mukuliza, galimoto siikumuzindikira kiyi wanu. Kiyi wosula pamsika amatsegula chitseko, koma alibe kachipangizo ka mkati kamene kompyuta imafuna. Galimoto zambiri zochokera kunja zimabwera ndi kiyi mmodzi, choncho ndi bwino kupangitsa wachiwiri woyambayo asanatayike.

Za dizilo

Injini ya dizilo ilibe mapulagi a moto. Imapanikiza mpweya mpaka utenthe kwambiri, dizilo akapoperedwamo n'kuyaka yekha. Choncho imafuna kuzungulira mwaliwiro, ndipo batire lofooka pang'ono, limene likanaliza Vitz, silingalize Hilux kapena Hiace. M'mawa imadalira mahita otenthetsa mpweyawo. Dikirani kanyale kopotanapotana kaja kazime musanalize. Ikamavuta m'mawa mokha, n'kulira monjenjemera ndi utsi woyera, mahita ena apsa, ndipo amayezedwa imodziimodzi ndi mita.

Mdani wina ndi mpweya wolowa m'mapaipi a mafuta. Pamwamba pa sefa ya dizilo pamakhala kopopera ndi dzanja. Mukapopa mpaka kulimba galimoto n'kulira msanga, penapake pakulowa mpweya usiku: paipi yong'aluka, kapena mutu wa sefayo. Pansi pa sefa yomweyo pali pokhetsera madzi, ndipo ndi ochepa amene amakumbukira kutsegulapo.

Pa injini zakale monga 3L ndi 5L amakaniko anazolowera kumasula paipi ya nozo kuti mpweya utuluke. Pa D-4D ndi zinzake zatsopano zimenezo n'zoopsa, chifukwa dizilo amakhala pa mphamvu yoposa mabaa 1,000 ndipo amatha kuboola khungu. Chizolowezi cha m'madepoti chonunkhitsa injini nsanza yonyika m'petulo, kapena kupopera mankhwala oyaka m'paipi ya mpweya, chimalizadi minibasi, koma mahita akakhala oyaka moto umabuka nthawi isanakwane n'kuwononga mapisitoni ndi maring'i. Minibasi imene imafuna zimenezi m'mawa uliwonse injini yake yatha kale, ikufuna kuyezedwa mphamvu yopanikiza.

Phokoso lomaliza loti mulidziwe ndi la injini imene ikuzungulira mopepuka ndi mwaliwiro kuposa masiku onse, popanda kugunda kuja. Ndiye kuti siikupanikiza mpweya, ndipo kawirikawiri lamba wa taiming'i waduka kapena tcheni chadumpha mano. Lekani kuliza pomwepo, chifukwa pa injini zambiri mapisitoni amamenya mavavu.

Pofika ku galaja

Masiku ano aliyense akuti "tiiike pa kompyuta". N'zothandiza. Pansi pa chiwongolero pali polumikizira pa timabowo 16, njira imene inakhazikitsidwa ku America mu 1996 n'kufalikira kwina. Makinawo amatulutsa nambala: P0335 ikukamba za sensa ya kilankishafuti, P0340 za sensa ya kamushafuti. Koma nambalayo imangonena dera limene kompyuta yaona chachilendo. P0335 ikhoza kubwera chifukwa cha waya wodyedwa ndi khoswe, kapena batire lofooka limene lazunguza injini mwaulesi. Ndipo teminolo yakuda, ethi wadzimbiri kapena pampu yofooka nthawi zambiri sizitulutsa nambala iliyonse. Amene amangowerenga nambala n'kukutumani kukagula sensa wagwira theka la ntchito.

Inuyo ndi amene muli ndi umboni umene makaniko alibe. Muuzeni ngati imavuta m'mawa kapena itatentha, phokoso limene imapanga, kumene munathira mafuta komaliza, chimene chinakonzedwa posachedwa, ndi nyale zimene zikuyaka padashibodi. Safunsa anadya phula: akakuuzani kuti chakuti chafa, funsani mwaulemu kuti achiyeza bwanji ndipo apeza nambala yanji. Makaniko wabwino sakwiya ndi funso limeneli, amakuitanani kuti mudzaone mita. Chipangizo chakale chimene achotsa mutenge, chifukwa vuto likapitirira ndiye kuti chinali chabwino.

Ndipo mawa m'mawa ikakana, musaumirire kiyi mpaka batire lithe. Lizani masekondi osapitirira 10, pumitsani theka la mphindi kuti sitata izizire, ndipo mukayesa katatu osatheka, lekani, tsegulani boneti muyambe ndi mateminolo.